Kwa mwana wanga wopita kukaphunzira zamalamulo

Mwana wanga wokondedwa,

Bambo ako akuti malangizo awo anathera pakhonde dzulo lija. Mayi ako atsala ndi nkhani imodzi, ya loya wa ku America, Thaddeus Stevens, ndipo aona kuti ailembe kuti ukaiwerenge uli wekha.

Stevens anabadwa mu 1792 ku Danville, m'chigawo cha Vermont, ali ndi phazi lopindika. Bambo ake, osoka nsapato, anathawa banja. Mayi ake, a Sarah, anakhetsa thukuta kuti mnyamata wotsimphinayu aphunzire, mpaka anamaliza ku koleji ya Dartmouth mu 1814. Anasamukira ku Pennsylvania, n'kutsegula ofesi ku Gettysburg mu 1816, ndipo posakhalitsa mbiri ya kuthwa kwa lilime lake inawanda.

Mu 1821 kunabwera mlandu wa Charity Butler. Mayiyu anali kapolo wa ku Maryland, koma ankatengedwa kawirikawiri kukakhala ku Pennsylvania, kumene lamulo la 1780 linkamasula kapolo wobwera ndi mbuye wake akakhalako miyezi 6. Anaphatikiza maulendo ake onse, n'kupempha ufulu. Stevens anaimira mwini kapolo. Anauza oweruza kuti miyeziyo iyenera kukhala yotsatizana, osati yotolatola, ndipo khoti lalikulu la chigawocho linagwirizana naye. Charity ndi ana ake anakhalabe akapolo. Stevens sananame, sanapereke chiphuphu, sanaphwanye lamulo lililonse. Anangogwira ntchito yake mwaluso, ndipo luso lomwelo ndi limene akukakuphunzitsa. Izi n'zimene zikuwasowetsa tulo mayi ako.

Stevens sanathere pamenepo. Anadzakhala mdani woopsa wa ukapolo, n'kumaimira akapolo othawa osalandira kalikonse. Mu 1851, mwini akapolo Edward Gorsuch ataphedwa ku Christiana akusaka anthu omwe anamuthawa, boma linazenga munthu wina dzina lake Castner Hanway mlandu woukira dziko. Stevens anali m'gulu la maloya omuteteza, ndipo Hanway anapezeka wosalakwa. Chaka cha 1835 Stevens anali atapulumutsa kale lamulo la sukulu zaulere ku Pennsylvania, aphungu anzake atatsala pang'ono kulichotsa. Ndikhulupirira pamenepo ankakumbukira thukuta la mayi ake.

Anakhala phungu wa nyumba ya malamulo ku Washington kuyambira 1849 mpaka 1853, kenako kuyambira 1859 mpaka imfa yake mu 1868, ndipo anamenyera nkhondo kusintha kwa malamulo aakulu a dziko komwe kunathetsa ukapolo mu 1865. Sanali mngelo: njuga ankaikonda, ndipo pakamwa pake pankavulaza ngakhale anzake. Zimenezo usatengere. Manda anadzisankhira yekha ku Lancaster, pamalo aang'ono pomwe ankaika akuda ndi azungu osasankha.

Zonsezi n'zazikulu, koma sizinasinthe chigamulo cha mlandu wa Charity.

Tsiku lina adzakupeza bwana wa thumba lonona, akufuna kulanda munda wa mayi wamasiye, mapepala onse ali kumbali yake. Usanavomere, ukafunse kuti wokhala pabenchi ya mbali inayo ndani, ndipo akagonja ana ake akagona kuti. Ukakana, fizi yomwe tinakulipirira sidzakhala itapita pachabe, ndipo kuno palibe adzakudandaule.

Chiponde chili pansi pa chikwama, usachiike chogona. Ukafika utiimbire.

Ndine mayi ako.