Bowo la mkanda

Kamakina kanga kanabwera kuchokera ku Joni mu Julaye 2023, katakulungidwa mu juzi yakale ya achimwene. Ndi Dremel, kotalika ngati chitsononkho, ndipo mukakayatsa kamalira ngati udzudzu wolusa. M'chikwama momwemo munali timapaketi 12 ta Fimo, dongo la pulasitiki lopangidwa ku Germany, ndi kapepala ka achimwene: "Poti ntchito ikuvuta, tayesa izi. Kuno anthu amagula."

Ndisabise, ndinakwiya. Zaka zinayi ku Zomba, gauni ndinavala, mayi anaimba nthungululu, kenako zaka zitatu ndikulemba makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, ndiye mapeto ake ndikhale wopanga mikanda pa Balaka pano? Kamakinako kanagona pansi pa bedi milungu itatu. Chimene chinakatulutsa ndi ngongole yanga ya ku banki m'khonde, chidwi chinabwera pambuyo.

Ndinaphunzira pa YouTube, usiku, bandulo ikatsika mtengo. Dongo la pulasitiki lili ndi malamulo ake. Mumaliumba likadali lofewa, n'kuliika mu uvuni pa madigiri 110 kwa mphindi 30. Mukaboola mkanda usanapse umapindika, bowo n'kutuluka lokhota, choncho mumayamba mwawotcha kenako n'kuboola. Kamakina kangaka kamatha kuzungulira maulendo 35,000 pa mphindi imodzi, koma liwiro limenelo lisiyeni. Pulasitiki amasungunuka n'kukakamira pa kachitsulo koboolera, nyumba yonse n'kununkha jumbo yopsa. Ikani pa liwiro lotsikitsitsa, boolani mbali imodzi mpaka pakati, tembenuzani, mabowo akakumane mkati. Mukatero pamabwera sandipepa wa m'madzi, 400, 600, 800 mpaka 1000, zala n'kuchita makwinya ngati mwachapa tsiku lonse. Chomaliza ndi kagudumu ka nsalu, kamene kamaupukuta mkanda mpaka kunyezimira ngati wanyowa. Mukagwira mwaulesi kagudumuko kamaukwatula. Wina unauluka n'kukatera mu nyemba za mayi, ndipo nkhani imeneyo kwathu sinathe mpaka lero.

Kumayambiriro kwa Novembala mayi wina amene amagulitsa ziboliboli ndi zitenje kwa alendo opita ku Liwonde National Park anaona mikanda yanga. Anaitanitsa ya m'khosi 40, ifike Khrisimasi isanakwane, ndipo anandipatsiratu theka la ndalama. Ndalamayo sinagone m'nyumba, ndinakabweza ngongole tsiku lomwelo. Patangopita masiku ochepa kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Achimwene nawo ganyu yawo inali itatha. Nditawerengera, kuitanitsa Fimo wina kukanadya ndalama yonse yotsala ndi ina yoonjezera, pomwe amene ndinali naye akanangokwana mikanda 15.

M'pamene ndinakumbukira kuti anganga anga ku Nsanama ndi woumba mbiya. Ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde, n'kusintha ina ya ku Ntaja. Ndinawapeza pakhonde akusola mtedza. Mbiya anali atasiya kalekale, chifukwa ndani lero angagule mtsuko pomwe chidebe cha pulasitiki n'chopepuka ndipo chikagwa sichisweka? Ndinawapempha kuti andisonyeze kumtapo. Anafunsa kuti dongolo n'lachiyani, ine ndinangoti, "Za bizinezi, anganga." Sindinafotokoze zambiri. Mumtima ndinkati zimenezi n'za makina, iwo sangazimve.

Ku Balaka ndinaumba mikanda yambirimbiri, ndinaiumitsa, ndinaiwotcha kuseri kwa nyumba, kenako ndinayatsa Dremel monga ndinazolowera. Woyamba unasweka pakati. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsitsa liwiro, ndinathira madzi, ndinapemphera. Mwa mikanda 60 inapulumuka 7, ndipo kachitsulo koboolera kanabuntha. Magetsi atathima madzulo amenewo ndinakhala mumdima ndi mapale anga, ndikuwerenga masiku otsala komanso ndalama ya mwini imene ndinali nditadya kale.

Ndinabwerera ku Nsanama ndi zoswekazo mu jumbo. Anganga anazikhuthulira pa mphasa, n'kutola chimodzi, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Unaboola utawotcha?"

"Eya, anganga. Ndi mmene amachitira."

"Amachitira ndani?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwanangu, dongo timaliuza zochita likadali ndi madzi. Likalowa pamoto latha kumva."

Anatuma mwana kukathyola udzu wouma wa tsekera. Mkanda ukangoumbidwa, mumaubaya ndi kaudzu n'kukasiya momwemo. Moto umadya udzuwo, bowo n'kutsala loyera. Anandiuzanso kuti ndisankhe udzu wonenepako, chifukwa dongo likamauma limafota, bowo nalo limachepa. Za kupukuta, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene anasiyiridwa ndi mayi awo. Mumapukuta dongo litalimba koma likadazizira m'manja, ndipo kunyezimirako sikuchoka ngakhale pamoto. Zonse zimene ine ndinkachita mkanda utapsa, iwo amachita usanapse. Dongo langa la ku Germany ndi lawo la kudambo zimafuna ntchito yomweyo, koma mosemphana nthawi.

Manja awo masiku ano amanjenjemera, moti kubaya molunjika kunkawakanika. Tinagawana, ine kubaya, iwo kupukuta. Masiku asanu tinakhala pakhondepo, ndipo anandiuza nkhani zambiri kuposa zimene ndinamva kwa iwo moyo wanga wonse. Anandiuza za mikanda ya m'chiuno imene anapatsidwa atatha msinkhu, yofiira, yoyera ndi yakuda, uliwonse ndi uthenga wake, ndipo pamenepo anati zina andiuza ndikadzapeza banja. Ine ndinawauza zimene ndinawerenga ku Zomba, kuti m'zaka za m'ma 1800 amalonda achiyao ankabwera ndi mikanda ya galasi ndi nsalu kuchokera kugombe, ku Kilwa, posinthana ndi minyanga ya njovu, ngakhalenso anthu. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye mikanda yakhala ikuchokera kutali nthawi zonse. Iyi yokha ndiye yakwathu."

Mvula inali itayamba, choncho tinadikira tsiku louma kuti tiwotche. Ina anaikwirira ndi mankhusu a mpunga ikadali yamoto, utsi n'kuidetsa bii. Ina inatuluka yofiirira ngati njerwa. Yosweka inalipo, koma yochepa.

Ku Balaka ndinaitunga mosakaniza, itatu ya dongo, umodzi wa Fimo wowala pakati, kuti Fimo wotsala uja akwanire. Dremel inagwirabe ntchito yake pa ya pulasitiki, komanso kusalaza pakamwa pa mabowo a ya dongo kuti isadule ulusi, mokhudza pang'ono chabe. Pa 20 Disembala ndinafika nayo ku Liwonde. Mayi uja anatenga 34, isanu ndi umodzi anabweza kuti ndi yolemera kwambiri pakhosi. Sindinatsutse, inalidi yolemera. Anafunsa kuti yakudayo ndaipaka chiyani, nditati ndi utsi wa mankhusu anandiuza kuti ndizimulembera zimenezo pa kapepala, alendo amakonda kufunsa.

Gawo la anganga ndinakawapatsa pamanja. Anawerenga kawiri, n'kumanga pa nsonga ya chitenje. Anati ndalama ya dongo anaigwira komaliza ine ndili ku pulayimale.

Makalata ofunsira ntchito ndikulembabe, ndipo ikapezeka ndipita, musandinamizire kuti ndapeza mayitanidwe. Anzanga a ku koleji akandifunsa chimene ndikuchita, pakamwa pamalemerabe pang'ono ndisanayankhe. Koma Loweruka lililonse lachiwiri ndimakwera minibasi ya ku Ntaja ndi ndowa yopanda kanthu. Ulendo wathawu ndinapempha kuti nkhulungo ija ndipite nayo ku Balaka. Anandipatsa, koma asanaisiye m'dzanja langa anati, "Wabwereka. Ine sindinafe."