Liwu limene ndinatola ku Oaxaca

Kumayambiriro kwa Novembala 2022 ndinaperekeza mnzanga wa kuntchito kwawo ku Oaxaca, kummwera kwa dziko la Mexico. Inali nyengo yokumbukira akufa, pa 1 ndi 2 Novembala, pamene mabanja amakakhala kumanda usiku ndi makandulo, maluwa achikasu ndi zakudya.

Tsiku loyamba tinalowa mumsika wa 20 de Noviembre, kumene utsi wa nyama yootcha umachita kutsamwitsa. Panja pake amayi anali ndi madengu a ziwala zokazinga ndi tsabola, zimene iwo amati chapulines. Ndinaseka ndekha, ndikuti kodi ndafika ku Lizulu? Ndinafunsa mtengo m'Chisipanishi changa chothyokathyoka. Mayi uja anandiyang'ana nati, "¿Mande?"

Ndinangoti kakasi. Liwuli ndinkalimva kawirikawiri kwa odwala achikulire kuchipatala kuno ku Houston, ndipo ndinkangoganiza kuti akudandaula. Mnzanga ndiye anandimasulira. Muzu wake ndi mandar, kutanthauza kulamula kapena kutuma. Kwa mwana kapena mnzako umati manda, lamula. Kwa wamkulu kapena mlendo, amene umamutchula usted, umati mande, lamulani. Kusiyana kwake n'chimodzimodzi ndi "bwera" ndi "bwerani". Tsono ku Mexico, munthu akapanda kumva bwino kapena akaitanidwa, amayankha kuti "¿Mande?", ngati kunena kuti nenani, ndikumvetsera. Ku Spain ambiri amangoti "¿Cómo?" kapena "¿Perdón?"

Madzulo ake kunyumba, agogo a mnzanga anaitana mdzukulu wawo wa zaka 8. Iye anakuwa ali kuchipinda, "¿Qué?", ndiye kuti "chiyani?" Agogo sanakweze mawu. Anangomuitananso, mpaka mwanayo anabwera nati, "¿Mande, abuela?" Pamenepo ndinakumbukira mayi anga. Kwathu ukayankha wamkulu kuti "chiyani?" unkaona zakuda. Unkayenera kuti "wawa", n'kuthamanga kukagwada.

Si onse amalikonda liwuli. Achinyamata ena kumeneko amati limanunkha utsamunda, nthawi imene eni nthaka ankayankha azungu a ku Spain ngati antchito. Maganizo awowo ndinawamva ndithu. Komabe ine ndinaona mwana akuuza agogo ake kuti makutu ali kwa inu.

Chimene chinandiwawa mtima n'chakuti ana anga awiri, obadwira kuno, ndikawaitana amayankha m'Chingerezi ali m'chipinda, maso pa foni. Ndinali nditazolowera, ndikuti ndi mmene kulili kuno. Koma anzathuwa nawonso ana awo ambiri ali ku America, ndipo mande sanamutaye.

Nditabwerako ndinayamba kuphunzitsa ana "wawa". Wamkulu amachita manyazi, wamng'ono amanena moseka, koma akunena. Kuchipatala nako, agogo akati "¿Mande?" sindithamangiranso mankhwala. Ndimayandikira bedi n'kubwereza funso langa pang'onopang'ono.

Nanga kwanuko, ana akuyankha bwanji?