Jambulani chipembere, koma musachiulule

Anzanga amakonda kundifunsa kuti, "Kamera yabwino yojambulira nyama ndi iti?" Ndimawayankha kuti ayambe ndi foni ali nayoyo. Ku Liwonde, ukakwera boti pa mtsinje wa Shire, mvuu ndi njovu umaziona pafupi, moti foni imakwana.

Ine ndimajambula m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, kuwala kusali kothobwa m'maso. Zoom yokoka ndi zala ija ndimaipewa, imaononga chithunzi. Bola kujambula chonse n'kukachidula bwino mu Snapseed. Nkhwazi ikamauluka, shutter ndimaiika pa 1/1000 kuti mapiko aoneke bwinobwino.

Koma chimene ndimaumirira kwambiri n'ichi: zimitsani location ya kamera musanalowe m'paki. Foni imasunga m'chithunzi manambala a GPS osonyeza pomwe munaima. Mu 2019, zipembere 17 zinabwera ku Liwonde kuchokera ku South Africa, ndipo opha nyama mozemba amalondalonda nyanga zake. Nawonsotu ali pa intaneti.

Mukajambula chipembere, musatchule dera lake, ndipo dikirani masiku angapo musanachiponye pa Facebook. Ma like adzabwerabe, osadandaula.