Kalata kwa Mphwanga ku Nottingham: Mwana Wathu pa Ayisi

Mphwanga wokondedwa,

Mkulu wako waonera kavidiyo kaja kasanu. Mwana wathu, yemwe anachoka kuno ali kumbuyo, lero akutsetsereka pa ayisi mwendo umodzi uli m'mwamba! Amayi anagwira pakamwa, kenako anafunsa ngati chitsulo cha kunsi kwa nsapatocho sichingamucheke. Unafunsa za mpikisano wa dziko lonse la Britain umene kochi wake akuutchulatchula, ndipo mkulu wako akuuza zimene anamva kwa malemu amalume ndi zimene anawerenga.

Bungwe loyendetsa masewerowa linakhazikitsidwa mu 1879 ndi dzina lakuti National Skating Association. Poyamba nkhani inali liwiro basi, amuna akuthamangitsana m'madambo a kufupi ndi Cambridge madzi akaundana. Mpikisano umene ukufunsawu unayamba mu 1903, ndipo anapambana anali mayi, Madge Syers. Chaka cha 1902 mayiyu analowa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku London ataona kuti palibe lamulo loletsa akazi, chifukwa olemba malamulowo sanaganizeko n'komwe kuti mkazi angayerekeze. Anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Ulrich Salchow wa ku Sweden. Akuluakulu anakwiya, nkutseka khomo, mpaka anapatsa akazi mpikisano wawowawo mu 1906. Koma kwawo ku Britain anapitiriza kulimbana ndi amuna, ndipo mu 1904 anagonjetsa mwamuna wake weniweni, Edgar, amenenso anali mphunzitsi wake. Banja silinathe. Mu 1908 anatenga golide wa Olimpiki ali yekha, komanso mendulo ina akusewera limodzi ndi Edgar yemweyo.

Alamu auzidwe zimenezi, popeza akuti zotere si za mwana wamkazi wa kwathu.

Za zaka zapakatipo mkulu wako amakumbukako mayina okha. Kunali Cecilia Colledge, amene anapita ku Olimpiki ali ndi zaka 11, ndipo kuzungulira kuja mwendo utawongoka kumbuyo anakuyambitsa ndi iyeyo. Kunalinso Jeannette Altwegg, wagolide wa 1952, yemwe anakana ndalama za zionetsero nkupita kukalera ana amasiye ku Switzerland. Masiku amenewo opikisana ankajambula zizindikiro zonga 8 pa ayisi ndi nsapato zawo, majaji nkuwerama kuyang'ana mizere. Zimenezo zinasiyidwa cha m'ma 1990.

Nkhani imene imamukhudza mtima mkulu wako ndi ya John Curry wa ku Birmingham. Ali mwana ankafuna kuvina gule wa ballet, bambo ake nkukana kwamtuwagalu kuti si za amuna. Za pa ayisi anavomera, poti ankaziona ngati masewero. Mnyamatayo anatengera gule wakeyo pa ayisi pomwepo, anapambana mpikisano wa Britain kangapo, mpaka golide wa Olimpiki ku Innsbruck mu 1976. Robin Cousins wa ku Bristol anatsatira mu 1980. Iwe unali wamng'ono pamene mkulu wako anasankhidwa mu timu ya netibo ali Fomu 2, azakhali nkunena kuti namwali savala siketi yaifupi pagulu, malo ake ndi pamtondo. Bambo sanayankhe kanthu. Yunifomu inabwezedwa kusukulu mawa lake, ndipo mpaka lero mkulu wako akamva za katswiri wa netibo Mwai Kumwenda mtima umamuwawa. Azakhali omwewo ndi amene sabata yatha anayambana ndi akuchimuna pa chinkhoswe cha mwana wawo, pa nkhani ya nkhuku, mpaka ankhoswe anachoka osadya. Ukwati akuti ulipobe mu Ogasiti, ndipo akuyembekeza kuti iwe utumiza ya diresi. Usalonjeze msanga.

Tibwerere ku Nottingham. Amalume anali pasukulu mumzindamo mu 1984, ndipo nkhaniyi ankaikamba chaka ndi chaka. Jayne Torvill anali kalaliki pa kampani ya inshuwalansi, Christopher Dean anali wapolisi. Anayamba kupambana mpikisano wa Britain mu 1978 akugwirabe ntchito, nkumayeserera usiku m'bwalo anthu atachokamo. Khonsolo ya mzinda inawapatsa ndalama kuti asiye ntchito. Pa 14 Febuluwale 1984 ku Sarajevo anavina nyimbo ya Boléro, ndipo majaji onse 9 anawapatsa 6.0 pa luso, malikisi amene panalibenso oposa. Amalume ankati anaonera pa TV ya mu hositelo, mzungu wina wachikulire akulira pambali pawo. Bwalo limene mwana wathu akupitako, National Ice Centre, linatsegulidwa mu 2000 pamalo pomwe panali bwalo lakale la awiriwo, ndipo pakhomo pake amati Bolero Square. Ukamuperekeza umuonetse chikwangwanicho.

Kuchokera apo kunagwa chilala. Britain inakhala zaka 41 osaona mendulo ya mpikisano wa dziko lapansi, kufikira Lilah Fear ndi Lewis Gibson anakhala achitatu ku Boston mu 2025. Bungwe lija tsopano ndi British Ice Skating, ndipo mpikisano nthawi zambiri umachitikira ku Sheffield.

Tsono mvera mkulu wako. Masewerowa amadya ndalama: nsapato mwana amazikula msanga, zitsulo zimafuna kunoledwa, kochi ndi wolipira, ndipo nthawi yoyeserera imakhala mbandakucha iwe ukuchokera ku shifiti ya usiku. Usatenge ngongole ya katapira chifukwa cha diresi lonyezimira. Funsa makolo anzako za nsapato zogwiritsidwa kale. Amalize kaye masitepe a maphunziro oyambira a Skate UK, za Sheffield zidzakambidwa pambuyo. Sukulu asajombe. Munthu wina aliyense akadzayamba kumunena za thupi lake kapena kumuletsa nsima, umuchotse kwa munthuyo tsiku lomwelo, ngakhale akhale kochi wotchuka. Akagwa usamukalipire, ndipo akadzati watopa nazo umumvere. Koma wina asamuvule nsapato zija iye akuzifunabe. Alamu akavuta, apatse foni alankhule ndi mkulu wako.

Amayi akuti umuveke juzi ziwiri, ndipo utumize chithunzi chooneka nkhope kuti akaonetse amayi a chigwirizano Lachinayi.

Ndine,
Mkulu wako