Mphutsi zinkandidya ndili moyo

Ndine tenanti wa fodya wa burley kuno kwa Mwase, ku Kasungu. Kwa zaka zambiri m'mphuno mwanga munkachita nkhanambo ndi mamina onunkha, ngakhale ine mwini fungolo sindinkalimva. M'mwezi wa Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka fodya, ndikatopa masana ndinkagona m'chigafa momwemo, khola la ng'ombe lili chapafupi.

Zinayamba ndi kuyetsemula kosatha ndi kamfuno. Kenaka mutu unayamba kuwawa kuchokera pamphumi mpaka kuseri kwa diso, tsaya n'kutupa. Usiku ndinkamva zinthu zikuyendayenda m'kati mwa nkhope, malo oti chala sichingafike kuti ndikande. Tsiku lina nditamina, mkazi wanga anayang'ana pansi n'kugwira pakamwa. "Bambo, izitu ndi mphutsi, zamoyo!"

Nkhani inawanda pa esiteti ponse. Ena ankati andilodza chifukwa fodya wanga anachita bwino. Anzanga odya nawo m'mbale imodzi anayamba kundizemba, ndipo zimenezi zinandiwawa kuposa mutuwo.

Alamu anga ndiwo ananditengera kuchipatala chachikulu pa boma la Kasungu. Adokotala sananyansidwe nane. Anandiuza kuti si ufiti: ndi ntchentche yobiriwira ija imaikira mazira pa zilonda za ng'ombe, dzina lake Chrysomya bezziana. Imatsata fungo la bala kapena mamina owola, mazira ake amaswa pasanathe tsiku, ndipo mphutsi zake zimadya mnofu wamoyo. Si zofanana ndi zija zimalowa pakhungu munthu akavala zovala zoyanikidwa pansi. Mphutsi za m'mphunozi zikalekereredwa zimaboola mpaka m'kamwa, zimafika kudiso, ngakhale ku ubongo.

Ankandithira mankhwala m'mphuno, mphutsi n'kumatuluka, iwo n'kumazizula imodziimodzi ndi kapani kachitsulo. M'mawa mwake ankapezanso zina zimene zinabisala m'kati. Ndinalira pamaso pa mkazi wanga, misozi ya ululu ndi ya mpumulo pamodzi.

Ndinachira, koma kakhoma ka pakati pa mphuno kanatsala kobooka. Tsiku lililonse ndimatsuka m'mphuno ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndipo ngakhale masana ndimagona m'neti. Fodya anamaliza kusoka ndi mkazi wanga ndi ana. Ndalama yoyendera kupita kuchipatala imene abwana a pa esiteti anatipatsa anailemba m'buku la ngongole, pamodzi ndi chimanga ndi feteleza, ndipo anaidula titagulitsa fodya.