Za Kondowole ndi Cingelezi

Pakati pa maphunziro onse amene tiphunzitsa m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, palibe lina lobvuta ngati la kulankhula Cingelezi ndi pakamwa. Kuwerenga mwana akhoza kuwerenga, ndi kulemba akhoza kulemba potsata dzanja la mphunzitsi pa bolodi. Koma mukamuimiritsa pamaso pa anzace kuti anene mau a iye mwini, lilime liuma, maso nagwa pansi. Cifukwa cace aphunzitsi afuna nkhani yapafupi, imene mwana ali yense aidziwa, kuti pakamwa patseguke; ndipo nkhani yosankhidwa kawiri kawiri ndiyo ya zakudya. Timfunsa mwana kuti, Cakudya cimene ucikonda koposa nciani? Kwanu mudya kangati pa tsiku? Aphika ndani, ndipo aphika bwanji? Mafunso awa aoneka ang'ono, koma ife amene tameta nao imvi kuno ku Nkhata Bay taona kuti m'kati mwao muli mlandu waukuru. Tifuna kuufotokoza kwa inu, akuru ndi amai a m'midzi, pakuti ana oyankha mafunsowa ndi anu.

Mlanduwo ndi uwu: ana ambiri akafunsidwa m'Cingelezi cimene adya, sanena zoona. Mwana amene tidziwa bwino kuti anagona atadya kondowole ndi usipa, aimirira nanena kuti kwao adya buledi wopaka batala, namwa mkaka, nadyanso mazira mamawa. Cikhalireco batala amene iye amdziwa ndiye uja wosambira m'nyanja, nsomba yamafuta imene atate ace abwera nayo m'bwato. Sitinena kuti anawa ali abodza, iai. Zifukwa ziripo ziwiri. Coyamba, mwana atola mau amene awapeza, ndipo mau a zakudya ofulumira kupezeka m'Cingelezi ndiwo a zakudya za Angelezi eni ace. Caciwiri, mwana ayesa kuti Cingelezi ciri ngati malaya a pa Sabata, osayenera kukhudza ufa wa cinangwa. Acita manyazi kuchula cakudya ca amace m'cinenero ca anthu ophunzira. Cifukwa coyamba cicoka msanga mwana akapatsidwa mau. Koma caciwiri ndico nthenda, ndipo ikalowa mwa mwana wamng'ono ikula naye kufikira ukalamba.

Tikumbuke kuti Cingelezi si cacilendo m'dziko lino la Atonga. Dr Robert Laws anasamutsa misyoni kucokera ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'caka ca 1881, ndipo m'caka ca 1894 anakamanga Livingstonia ku Khondowe. Makolo a kuno analandira sukulu ndi manja awiri, ndipo ana ao anapita kukagwira nchito za ukalaliki ndi ukapitao ku migodi ya ku Harare, ku Joni ndi kwina. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la anchito ku Cape Town m'caka ca 1919, nalankhula m'Cingelezi pamaso pa makamu. Akuru anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo kufikira lero ana a kuno ali paulendo. Otsala nao akomana ndi alendo otsika m'sitima ya Ilala, imene iyenda pa nyanja yino kuyambira 1951, ndi ena odzagona m'nyumba za alendo pa doko. Tsono kuli konse mwana wa kunyanja apita, funso limene adzakomana nalo posacedwa ndilo lomwe lija: Kwanu mudya ciani? Akayankha ndi nkhope yogwa, aphunzitsa womfunsayo kupeputsa mtundu wace wonse.

Nanga m'kondowole muli ciani cocititsa manyazi? Anzathu a kumtunda, okulira pa nsima ya cimanga, nthawi zina aseka kuti kondowole amata ngati ulimbo. Koma cimanga ndi cinangwa onse awiri ndi alendo. Anacokera ku America, nafika ku Africa m'zombo za Apwitikizi zaka mazana apitazo. Palibe wobadwira kuno woti anyoze mnzace. Ndipo cinangwa ciri ndi ukoma umene cimanga ciribe: cipirira cilala, cimera pa dothi la mcenga, ndipo cikhala m'nthaka kudikira mwini wace, munda nusanduka nkhokwe. Pa zaka za njala, monga ya 1949 imene inasautsa kwambiri dziko la Blantyre, kapena ya 2002, mabanja okhala ndi munda wa cinangwa anali napo pothawira. Masamba ace omwe ndiwo cigwada, ndiwo yokoma. Tiyang'anenso nzeru iri m'kakonzedwe kace. Cinangwa cowawa ciri ndi ululu wokhoza kudwalitsa munthu, ngakhale kumupha; koma amai a kuno, osalowa m'sukulu ya mankhwala, adziwa kucisenda, kucibviika m'madzi masiku angapo kufikira cifewe, kuciyanika pa dzuwa, kucisinja ndi kucisefa, ndipo ululu uja ucoka. Nzeru yotere siiyenera kubisika.

Cifukwa cace lamulo lathu m'phunziroli ndi limodzi: mwana anene cimene aciona ndi maso ace kwao. Ndipo taona kuti coonadi ciphunzitsa Cingelezi koposa bodza. Mwana wonena za buledi ndi batala atha mau ace pa mzere umodzi, nakhala pansi, pakuti sadziwa buledi acokera kuti. Koma mfunseni mwana wamkazi makonzedwe a kondowole: pamenepo asowa mau onena coyamba, cotsatira ndi cotsiriza, asowa mau a kukumba, kusenda, kubviika, kuyanika, kusinja, kubvundula, awerenga masiku, nachula mtondo, munsi, licero ndi mthiko. Mau awa awapempha yekha kwa mphunzitsi, ndipo mau amene mwana wawapempha yekha saiwalika. Momwemonso mnyamata akafotokoza za usodzi wa usipa, momwe mabwato aturuka usiku ndi nyali, momwe akoka cirimira, momwe amai ayanika nsomba pa thandala, alankhula nthawi yaitali osadziwa kuti ali m'phunziro. Wina anena za mpunga wa ku dambo la Limphasa, wina za tiyi wa ku Kawalazi kumene mbale wace athyola masamba, wina za nthoci ndi mango a pakhomo pao. Ndipo kalasi lonse limvetsera, pakuti wonenayo akalakwa pa nkhani onse amtsutsa, ndi kutsutsako nakonso kucitika m'Cingelezi.

Pali mau ena amene sitilola kuti asandulizidwe. Ena ayesa kucha nsima “porridge,” koma mau amenewo atanthauza phala. Ndipo mlendo akamva kuti anthu akuru adya phala usana ndi usiku, ayesa kuti tonse tiri odwala. Nsima ndi nsima, kondowole ndi kondowole. Mwana achule dzina, kenaka afotokoze. Mau akuti “relish,” amene tizolowera kunenera ndiwo m'dziko muno, kwa Mngelezi atanthauza kanthu kakang'ono kokometsera cakudya. Cotero mwana adziwe kuonjeza kuti ndi nsomba, kapena nyemba, kapena masamba. Tiwauza ana kuti Cingelezi comwe cidzala ndi maina obwereka: “tea” anacokera ku China, “mango” ku India, “tomato” ku Mexico. Eni cinenero sanacita manyazi kulandira maina a eni zakudya. Ndipo Dr David Livingstone, poyenda pa nyanja yino m'caka ca 1861, anaona nkhungu zikukwera pamadzi ngati utsi, naona anthu akuzikola ndi kuziumba zikate. Analawa, nalemba za izo m'buku lace la Cingelezi ndi dzina lomwe analimva kwa eni dziko, nafanizira kukoma kwace ndi dzombe lothira mcere. Ngati mlendo uja sanaopa kulemba dzina la nkhungu, mdzukulu wa okola nkhungu aoperanji kulichula?

Phunziroli liululanso kusiyana kwa miyambo, ndipo apa pafunika kudekha. Kwa Angelezi si mwano kunena kuti, Ici ndicikonda, ico sindicikonda. Kwathu mwana woleredwa bwino sasankha ndiwo. Alandira ndi manja awiri cimene capatsidwa. Cifukwa cace ana ena akafunsidwa cimene akonda koposa, angoti, Zonse. Ndipo tiwauza kuti m'phunziro kunena cokonda si kunyoza wophika. Angelezi ali ndi maina a cakudya ca mamawa, ca usana ndi ca madzulo, monga ife tiri ndi mfisulo, nkhomaliro ndi mgonero. Koma kwa ife munthu angakhale wadya mbatata, nthoci ndi mpunga tsiku lonse, anena kuti sanadye ngati nsima sinapite pakamwa, ndipo mlendo wosadziwa ici adzayesa kuti tigona ndi njala masiku onse. Ife timwa phala, iwo adya phala. Ife sitifunsa mlendo ngati afuna kudya, pakuti kufunsa ndiko kumana. Tingomtengera madzi osamba m'manja. Iwo afunsa, ndipo mukakana mwaulemu kamodzi, poyembekeza kuti akukakamizani, kawiri kawiri acotsa mbale. Ana a kuno opita kutali ayenera kudziwa izi. Ndiponso adziwe kufotokoza za kwao popanda kupepesa: kuti tisamba m'manja tisanadye, wamkuru ayamba, tidya ndi dzanja lamanja m'mbale imodzi, ndi kuti wamng'ono satha ndiwo nsima ikalipo.

Cinthu cimodzi ticenjera naco kwambiri. M'miyezi ya mvula alipo ana ofika ku sukulu m'mimba muli zii. Kumfunsa mwana wotere pamaso pa anzace kuti wadya ciani lero, ndiko kumsankhitsa pakati pa bodza ndi manyazi. Cifukwa cace tifunsa cimene anthu a m'mudzi mwao adya, kapena cimene ciphikidwa pa ukwati ndi pa tsiku lobwera wa ku Joni. Pamenepo wosauka ndi wolemera ayankha molingana. Ndipo mphunzitsi wamaso azindikira yekha mwana wanjala, nakaonana ndi akuru a mudzi mwakacetecete.

Tsono pempho lathu kwa inu, atate ndi amai, ndi ili. Simusowa kudziwa Cingelezi kuti muthandize m'phunziro limeneli. Mwana akabwera nafunsa kuti cinangwa cikhala masiku angati m'madzi, kapena usipa ugwidwa bwino mwezi uti, kapena agogo ace anali kudya ciani kale, musamthamangitse kuti afunsa za cibwana; muuzeni zonse m'Citonga kapena m'Cinyanja, pakuti cimene acidziwa bwino m'cinenero ca amace ndico adzakhoza kucinena m'cinenero ca eni. Mlekeni aime pa mtondo, apite ku gombe mbandakuca, aone ndi kugwira. Ndipo inu nomwe musanene pamaso pa ana kuti ici ncakudya ca amphawi, pakuti mwana amva msanga mau otere, nawasunga. Akuru anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Ife tidzawapatsa mau a Cingelezi monga tikhoza. Koma kuti mwana aime pakati pa alendo nanene ndi nkhope yowala kuti, Kwathu tidya kondowole ndi usipa, ndipo mukabwera mudzadya nafe, imeneyo ndi nchito yoyambira pa mafuwa a pakhomo panu.