Mwana Wopanda Chipsera Pamkono

Ife abusa timafulumira kuphunzitsa koma timachedwa kufunsa. Tikulemba izi povomereza kulakwa kwathu, kuti mpingo utolepo phunziro.

M'chaka cha 2022 matenda a poliyo anapezeka ku Lilongwe, kenaka ku Tete, ndipo a zaumoyo anayamba kuyenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera m'kamwa. Ife tinalengeza pa guwa m'mipingo yathu ya m'mbali mwa Nyanja ya Amaramba kuti kholo lililonse litulutse mwana wake. Tinanenetsa kuti wokana katemera akuyesa Mulungu.

Masiku omwewo mwana wamkazi wa mkulu wina wa mpingo anafika kuchokera ku Johannesburg kudzaonetsa khanda lake la miyezi inayi kwa agogo ake. A katemera atafika pakhomo, mayiyo anakana madonthowo. Agogo nawo, pomusambitsa mdzukulu, anaona kuti pamkono palibe chizindikiro cha katemera wa BCG, chimene pafupifupi mwana aliyense kuno ali nacho. Mbiri inawanda mpaka kudoko la asodzi kuti mayiyo walowa chipembedzo chokana mankhwala. Ife tinanyamula Baibulo, ulendo kukadzudzula.

Mayiyo anatiyalira mphasa, nagwada, nati: "Abusa, musanayambe kulankhula, taonani kalata iyi ya adokotala anga."

Tsiku limenelo wophunzitsa anasanduka wophunzira. Mayiyo amadwala matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn. Pali enanso ofanana nawo otchedwa ulcerative colitis. Sayamba chifukwa cha madzi oipa, njoka za m'mimba kapena ufiti. Chitetezo cha m'thupi, chimene Mulungu anachiika kuti chizimenyana ndi tizilombo, chimatembenukira matumbo a mwini wake, ndipo munthu amatsekula m'mimba, nthawi zina magazi, nkumaonda. Mankhwala amene amalandira kudzera m'diripi milungu 8 iliyonse ndi infliximab, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa matendawa mu 1998. Ntchito yake ndi kuziziritsa chitetezo cholusacho. Matumbo amapola ndithu, koma thupi limatsala ngati mudzi umene alonda ake achepa.

Apa mpamene pagona nkhani ya katemera. Akatemera ali m'magulu awiri. Ena ali ndi kachilombo kakufa kapena kachidutswa chabe, monga wa kafumbata, wa matenda a chiwindi a hepatitis B, wa chibayo, wa COVID-19, wa poliyo wobaya ndi wa kolera wakumwa amene amaperekedwa kuno mliri ukabuka. Amenewa munthu wa pa mankhwala otere akhoza kulandira, ndipo amawafunikira kuposa ife tonse. Ena ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, monga BCG wa chifuwa chachikulu, wa chikuku, wa rotavirus ndi madontho a poliyo. Kwa munthu wa chitetezo chokwanira, kachilombo kofookako kamangophunzitsa thupi kumenya nkhondo. Kwa amene chitetezo chake chatsitsidwa, kakhoza kuchulukana ndi kudwalitsa. Nchifukwa chake adokotala amayamba ayeza chifuwa chachikulu ndi hepatitis B, ndi kuona akatemera amene akusowa, asanamuike munthu pa mankhwalawa.

Nanga khanda lija? Mayi akalandira infliximab ali woyembekezera, mankhwalawo amadutsa kulowa m'magazi a mwana, ndipo amakhalamo miyezi ingapo atabadwa. Mu 2010 madokotala a ku London analemba za khanda limene linamwalira litalandira BCG, mayi ake atakhala pa mankhwala omwewa nthawi ya pakati. Lero malangizo ndi akuti mwana wotere adikire miyezi 6 kapena mpaka 12 asanalandire katemera wamoyo, monga adokotala angaonere. Kadi la mwanayo linaonetsa kuti akatemera onse obaya a kachilombo kakufa analandira pa nthawi yake. Mayiyo sanali kukana mankhwala. Anali kusunga moyo wa mwana wake.

Tinabwerera kunyumba nkhope ili pansi, tikukumbukira Miyambo 18:13, pamene pamatchedwa wopusa munthu woyankha asanamve nkhani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Lamulungu lotsatira tinapepesa banjalo pamaso pa mpingo.

Matenda a Crohn si ofala pakati pathu, koma phunziro lake likhudza ambiri. Tili ndi abale amene akulandira mankhwala a khansa, ena akumwa prednisolone wambiri kwa nthawi yaitali, ena chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV. Inu muli m'gulu limeneli, musabise. Mukapita kuchipatala ku Mandimba, ku Ngauma kapena ku Cuamba, nyamulani makalata anu, ndipo uzani anamwino mankhwala amene mukumwa asanakubayeni kapena kudonthezera mwana wanu. Musasiyenso mankhwala mwa inu nokha pofuna katemera.

Ndipo ife amene tili ndi mphamvu, mawu athu oyamba aja sanasinthe: titengere ana athu ku katemera. Chikuku chikasowa polowera m'mudzi, khanda limene silingabayidwe limatetezeka ndi ana a anansi ake, monga mbuzi yopunduka imapulumukira pa kulimba kwa khola. Mtumwi Paulo pa Aroma 15:1 akusenzetsa olimba katundu wa ofooka, ndipo pa 1 Akorinto 12 akutikumbutsa kuti ndife ziwalo za thupi limodzi.

Mukaona mwana wopanda chipsera pamkono, yambani mwafunsa mwachikondi. Ambuye akudalitseni nonse.